Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Pepala la Asilikali M'kalasi Mwanga

Gawo lapitali ndinalekezera pamene anandisamutsa ku Dowa kudzaphunzitsa kuno ku Lilongwe, ndipo ndinalonjeza kuti lero tikamba za ukwati wanga. Mundikhululukire, zaukwatizo zidikire kaye. Pali nkhani ina imene yakana kundichoka pamtima, ya anthu awiri amene sanaonanepo: bambo anga ndi mnyamata wina wa Folomu 4.

Bambo anga anali msilikali, ndipo ife tinakulira ku Kamuzu Barracks. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndili mwana wa ku pulayimale, asilikali a Malawi ankatumizidwa ku Mozambique kukalondera njanji ya ku Nacala imene zigawenga za Renamo zinkaiphwasula. Ankatulukira pa Nayuchi kulowera cha ku Cuamba. Bambo anapitako maulendo angapo. Ulendo womaliza anabwera ndi chikwama chomwe chija, jombo zomwe zija, koma mwini wake anali atasintha.

Analeka kugona pabedi. Ankagonera pampando pabalaza, nkhope italoza kuchitseko. Pa Khrisimasi ina tili pakati pa kudya, ana a nyumba yoyandikana nafe anaphulitsa makombola panja. Sindinaone n'komwe mmene zinachitikira, ndinangozindikira tebulo lagubuduzika, mpunga uli mbwee pansi, bambo agona chafufumimba kuseri kwa mpando atagwira mlongo wanga pakhosi kuti asadzutse mutu. Panapita kanthawi. Anadzuka, n'kudzisasa, n'kutuluka osayang'ana munthu. Mayi anayamba kutola mbale, ndipo ali chiweramire anati, "Palibe amene waona kanthu pano." Tinamvera. Lamulo limenelo tinalisunga zaka pafupifupi 30.

Azakhali ankati bambo anapha munthu kunkhondoko ndiye mzimu wake ukuwalondola. Anawatengera kwa sing'anga, kenako ku mapemphero a usiku. Anzawo a kuntchito mankhwala awo anali amodzi, botolo. Ine ndinangokula ndikudziwa kuti bambo anga ndi munthu wovuta, ndipo kunena zoona ndinkawaopa kuposa kuwakonda.

Mu November 2018, atapuma kale pantchito n'kukhazikika ku Kawale, wailesi inalengeza kuti asilikali 6 a Malawi aphedwa kufupi ndi Beni ku DRC, pankhondo yolimbana ndi gulu la zigawenga la ADF. Mmodzi mwa iwo anali Chancy Chitete, amene chaka chotsatira bungwe la United Nations linamupatsa mendulo yaulemu chifukwa anafa akupulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania. Bambo anazimitsa wailesi, n'kuchotsamo mabatire, n'kuwaika m'thumba. Masiku atatu osalawa nsima. Mayi anandiimbira foni usiku, mawu akunjenjemera: "Bwera, abambo ako ayambiranso."

Amene ananditsegula maso ndi mlamu wanga, namwino amene anaphunzira za matenda a maganizo. Nditamufotokozera zonse, kuyambira za makombola zija, sanadabwe ngakhale pang'ono. Anati, "Alamu, zimenezo zili ndi dzina lake, ndi PTSD." Anandiuza kuti munthu akaona zoopsa kwambiri, ubongo wake umatha kukhala ngati mlonda amene mbava zinathawa kalekale koma iye akuimbabe wezulo. Phokoso, fungo, ngakhale nkhani ya pawailesi, zimamubwezera pamalo pomwe paja, thupi n'kumachita ngati zikuchitika lero. Ndipo akamathawa chilichonse chomukumbutsa, mlonda uja saphunzira kuti kunja kwacha.

Ine ndi mphunzitsi, ndikamva chinthu ndimafuna ndichione cholembedwa. Ndinatha mabandulo ambiri ndikuwerenga pafoni. Madokotala a ku Britain anaziona kale mwa asilikali a nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ankazitcha shell shock. Koma dzina loti PTSD linalowa m'buku la madokotala a maganizo a ku America mu 1980, makamaka chifukwa cha asilikali obwerera ku Vietnam amene anakana kukhala chete. Kuyambira pamenepo kafukufuku wachitika wambiri, ndipo chimene chinandidabwitsa n'chakuti thandizo limene lapezeka kuti limagwira bwino ntchito ndi lolankhula. Edna Foa wa ku yunivesite ya Pennsylvania anakonza njira yoti wodwala azifotokoza zimene zinamuchitikira mobwerezabwereza pamaso pa mlangizi wophunzitsidwa bwino, kufikira nkhaniyo itasiya kuluma. Patricia Resick anakonza ina, ya maulendo pafupifupi 12, yofufuza maganizo amene munthu wakodwamo, monga akuti "ndikanapanda kutembenuka, mnzanga sakanafa." Si zophweka ayi, ambiri amalekera panjira chifukwa poyamba zimawawa. Komabe ndinakhala pansi n'kuganiza kuti m'nyumba mwathu tinachita zosemphana ndi zimenezi ndendende. Mankhwala anali kulankhula, ife tinamwetsa bambo kukhala chete.

Apa ndiloleni ndidandaule pang'ono. Mwezi wa November uliwonse timayala nkhata za maluwa pachipilala chokumbukira asilikali ku Area 18, malipenga n'kulira. N'zabwino. Koma amene anabwerako amoyo, amene amagonera pampando, ndani amawafunsa kuti kwacha bwanji?

Mukuwerenga komweko ndinakumana ndi kapepala kena. Barbara Stanley ndi Gregory Brown anakonza ndondomeko yachidule yoti munthu amene ali ndi maganizo ofuna kudzipha alembe yekha, mothandizidwa ndi wachipatala, zimene adzachite maganizowo akadzamufikira. Anaiyesa m'zipatala za asilikali opuma ku America, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2018 zinaonetsa kuti mwa amene analemba pepalali n'kumaimbiridwanso foni pambuyo pake, mchitidwe wofuna kudzipha unachepa ndi 45 peresenti m'miyezi 6. Ndinakopera mitu yake kumapeto kwa kope langa la masikimu. Ndinkalembera bambo. Sindinalimbe mtima kuwaonetsa.

Teremu yachiwiri ya 2019 ndi pamene kopelo linagwira ntchito, kwa munthu wina.

Mnyamatayu anali katswiri wa masamu, wokonda mpira, wolongolola. Bambo ake anali atamwalira, ndipo amalume ake amene ankamulipirira fizi anangosiya kuyankha foni, mayeso a MSCE ali pakhomo. Anayamba kukhala kumbuyo m'kalasi. Kumpira analeka. Zonsezi ndinkaziona koma ndinkati ndi nkhawa ya mayeso, ana onse a Folomu 4 amafota nyengo imeneyo. Tsiku lina Lachinayi ndinaona kakyuleta yake ili ndi mnzake. Nditafunsa, mnzakeyo anati, "Wandipatsa, Sala, akuti iye sadzaifunanso." Madzulo ake, ana ataweruka, anabwera kuchipinda cha aphunzitsi kudzabweza buku limene ndinamubwereka. Analiika patebulo ndi manja awiri n'kunena kuti, "Zikomo pa zonse, Sala." Nkhope yake inali yodekha kwambiri, kudekha kumene sindinakukonde.

Mtima unagunda. Tonse tinaleredwa ndi mawu oti ukatchula mkango kwera mumtengo, ndiye timaopa kuti tikamufunsa mwana za kudzipha timupatsa nzeru imene analibe. Koma ndinali nditawerenga kafukufuku wa Madelyn Gould wa mu 2005, amene anachitika pa ophunzira a sekondale oposa 2,000 ku New York. Anapeza kuti kufunsa funso limeneli sikumuika mwana maganizowo m'mutu, ndipo sikumuwonjezera nkhawa. Ndinameza mate n'kumuuza kuti tiyende pang'ono.

Tinakakhala pamizu ya mtengo wa mango kuseri kwa makalasi. Ndinati, "Iwe, ndikufunsa chinthu, undiyankhe zoona. Kodi ukuganiza zodzipha?"

Anayang'ana pansi, n'kumakumba dothi ndi kamtengo. Ndinkafunitsitsa kudzaza chetecheteyo ndi malangizo, ndi mavesi, ndi nkhani za anthu amene anavutika koma pano akuyendera magalimoto. Ndinadzigwira. Patapita nthawi anati, "Mwadziwa bwanji, Sala?" Kenako analira, kulira kwenikweni kwa mwana, mamina ndi misozi pamodzi. Ankangobwereza kuti ndi katundu kwa mayi ake, kuti akachoka iye mayiwo apumako.

Atatonthola ndinang'amba tsamba m'kope muja n'kumupatsa cholembera. Ndinati alembe yekha, m'Chichewa, zimene zimayamba kuchitika maganizowo akamabwera. Analemba kuti amabwera usiku, akamva mayi ake akuwerenga makobidi a tomato. Tinalemba zimene angachite payekha kuti nthawi yoipayo idutse, pakuti maganizo amenewa amabwera ngati mvula yamkuntho, amafika pachimake kenako amatsika. Anati kusova masamu, ndiponso kukatunga madzi. Tinalemba malo amene angapite kuli anthu, mayina a anthu atatu amene angawauze zoona, nambala yanga, ndi nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Mzere womaliza ndi umene unali wovuta, wonena zochotsa pakhomo chilichonse chimene ankaganiza kugwiritsa ntchito. Anazengereza, koma anandiuza.

Sindinamulole kupita yekha. Tinakwera kabaza aliyense yake mpaka kwawo. Mayi ake tinawapeza akulongedza tomato wotsala. Nditawafotokozera, chinthu choyamba chimene ananena chinali, "Aphunzitsi, chonde zisafike kupolisi." Sankalakwitsa kuopa, pakuti nthawi imeneyo malamulo athu ankati kuyesa kudzipha ndi mlandu. Ndinawatsimikizira kuti tikupita kuchipatala osati kupolisi. Chinthu chija tinachichotsa m'nyumba usiku womwewo, ndipo m'mawa mwake mlamu wanga anatiperekeza ku St John of God ku Area 43, kumene mnyamatayo anayamba kuonana ndi alangizi. Pepala lija silinali chipatala, linali lomufikitsa kuchipatala ali moyo. Za fizi tinasonkherana aphunzitsi, osanena chifukwa chenicheni.

Mayeso analemba. Mapointi sanabwere mmene tinkayembekezera, ndipo iye anakhumudwa nazo sabata zingapo, koma nthawi imeneyo anandiimbira yekha foni. Kuyambira chaka chimenecho, Lachisanu lina pateremu ndimaika choko pansi n'kukambirana ndi kalasi langa za nkhawa, ndi zimene ungachite mnzako akayamba kugawa zinthu zake. Aphunzitsi anzanga ena amati ndikuwononga nthawi ya silabasi. Ndimawauza za kafukufuku wa m'maiko 10 a ku Ulaya amene anatuluka mu 2015, pa ana asukulu oposa 11,000, pomwe maphunziro a maola ochepa a mtundu umenewu anachepetsa pafupifupi ndi theka chiwerengero cha oyesa kudzipha. Ena amamva, ena amangoseka.

Tchuthi chitafika ndinapita ku Kawale. Ndinawapeza bambo pakhonde, nsana kukhoma monga mwa masiku onse. Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma ndinawafotokozera za mnyamata uja, dzina lokha ndinabisa. Anamvetsera osaphethira. Nditamaliza anati, "Ndiye wati pepalalo analikonzera asilikali?"

"Eya, ababa."

"Tabwera nalo."

Ndinatulutsa kope lija. Anavala magalasi awo omanga ndi ulusi, n'kumatsata mizere ndi chala. Atafika pamene pamati anthu amene ndingawauze zoona, chala chinaima. Anakhala choncho nthawi yaitali, kenako anatseka kopelo n'kuliika pamwendo.

"Sitima ija inkayenda pang'onopang'ono," anatero, maso ali kumsewu. "Ife tinkayenda pansi kutsogolo kwake, kuyang'ana mabomba. Tsiku limenelo malo akutsogolo anali anga. Ndinamupempha mnzanga kuti tisinthane, phazi langa linali ndi thuza."

Mayi anali atatulukira pakhomo ndi thileyi ya tiyi. Anaima pomwepo. Ndinkadikira kuti anene mawu awo aja. Anaika thileyiyo pansi mwakachetechete, n'kukhala pamkeka.

"Ankachokera ku Ntcheu," anapitiriza bambo. "Ankaimba bwino."