Makatoni a Enid Blyton ku laibulale yathu ya ku Mbare

Laibulale imene ndimayang'anira ndi chipinda chimodzi kuseri kwa holo ya tchalitchi ku Mbare, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe. Ana ambiri amene amabwera ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzafuna ntchito ku Salisbury, dzina lakale la Harare. Pakhomo amamva Chichewa kwa agogo awo, kunja amasewera m'Chishona, koma pashelefu pathu pafupifupi buku lililonse ndi la Chingerezi. Sabata yatha banja lina la ku Avondale limene likusamukira kunja linatipatsa makatoni a mabuku, ndipo Lolemba lonse linathera pa kumasula zingwe, kupukuta fumbi ndi kusankhula. Ena njenjete zinali zitawaboola, ena mvula inawalowa mpaka masamba kumatirirana. Mwa amene anapulumuka, ochuluka anali a munthu mmodzi, Enid Blyton, mlembi wa ku England wa mabuku a ana, dzina lake lili pachikuto ngati siginecha, timizere tiwiri pansi pa "d".

Lachiwiri ndinayamba kulemba m'kaundula. Kompyuta tili nayo, koma magetsi akazima m'mawa sabwera msanga, choncho timadalirabe buku lalikulu la mizere ndi sitampa ya rabala. Amayi ena a mvano amene amandithandiza ankanditchulira mitu, ine n'kumalemba. Tili pakati pa ntchito anaika buku pansi n'kunena kuti, "Bambo, musandinamize. Munthu mmodzi sangalembe zonsezi. Anali ndi antchito ameneyu."

Si iwo oyamba kukayikira. M'zaka za m'ma 1950 Blyton ankatulutsa mabuku mpaka 50 pachaka, ndipo mphekesera inafala yakuti ali ndi gulu la anthu omulembera mobisa. Mu 1955 anasumira woyang'anira laibulale wina wa ku South Africa amene ankafalitsa zimenezi, ndipo munthuyo anapepesa m'khoti momwemo. Chimene chinkachitika n'chakuti mayiyu akangodya kadzutsa ankakhala pansi, taipilaita pamiyendo, n'kutayipa mawu 6,000 mpaka 10,000 tsiku limodzi. Mwini wake ankati sakonzeratu nkhani: amatsinzina, anthu a m'nkhaniyo n'kuonekera, iye n'kumalemba zimene akuona ndi kumva. Pomwalira mu 1968 anasiya mabuku pafupifupi 700, ndipo mpaka lero agulitsidwa makope oposa 600 miliyoni.

Lachitatu linali la singano, ulusi ndi guluu. Buku la mwana limayamba kutha kumsana, ndiye ndimalisoka katatu, ndikumata kansalu, ndikuliika pansi pa njerwa usiku wonse. Ntchito imeneyi imakupatsa mpata wowerenga, ndipo ndinawerengadi. Blyton anabadwa pa 11 Ogasiti 1897 ku East Dulwich, mu London. Bambo ake, amene anamuphunzitsa kudziwa mbalame ndi maluwa, anathawa banja iye ali ndi zaka pafupifupi 13. Anachita maphunziro a uphunzitsi ku Ipswich, n'kuphunzitsa ana aang'ono, asanatulutse kabuku kake koyamba ka ndakatulo, Child Whispers, mu 1922. Uphunzitsi umenewo umaonekera patsamba lililonse. Mitu yake ndi yaifupi, yokwana nthawi imene mwana angakhale chete. Mutu uliwonse umathera pamene mtima wafika m'mwamba. Mawu ovuta ndi ochepa. Akuluakulu amawachotsamo msanga, ana n'kutsala okha ndi galu, tochi ndi chakudya chambiri. Akatswiri a zolemba ankamunyoza chifukwa cha zomwezi, ndipo BBC inakana kuulutsa nkhani zake kwa zaka zambiri, kuyambira m'ma 1930 mpaka m'ma 1950, ati n'zosazama. Ine amene ndimaona mwana wa giredi 5 akuvutika ndi chiganizo chimodzi cha Chingerezi, sindingazinyoze.

Mphamvu yake yeniyeni ili pa kuchuluka. Mabuku a Famous Five alipo 21, kuyambira 1942 mpaka 1963. Secret Seven alipo 15, Malory Towers 6. Mwana akamaliza limodzi sabwera kudzafunsa kuti ndiwerenge chiyani, amabwera kudzafunsa lotsatira. Zili ngati mtedza wokazinga, ukatafuna umodzi dzanja limabwerera lokha m'mbale. Pofika buku lachisanu ndi chimodzi mwana uja amakhala akuwerenga osalozanso ndi chala.

Tsiku limene linandilemera ndi Lachinayi. Pansi pa katoni ina panali timabuku takalekale ta Noddy, kamnyamata kachidole, tosindikizidwa m'ma 1950. M'kamodzi, Here Comes Noddy Again, zidole zakuda zija Angerezi amati golliwog, za milomo yofiira yokhuthala ndi tsitsi loimirira, zimamunyengerera Noddy kupita naye m'nkhalango usiku, n'kumulanda galimoto ndi zovala. Ndinakhala nako m'manja kabukuko nthawi yaitali, ndikuyang'ana chithunzicho. Mwana wa ku Mbare akachiona, wakuba uja amufanizira ndi ndani? Blyton analembanso The Little Black Doll, nkhani ya chidole chimene anzake ankachida chifukwa cha nkhope yakuda, n'kuchilandira mvula itachitsuka. Osindikiza anadzachotsa zidole zimenezi m'mabuku a Noddy m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 2016 Royal Mint, kampani yopanga ndalama zachitsulo za ku Britain, inakana kupanga ndalama yachitsulo yomukumbukira chifukwa cha nkhani za tsankho zomwezi.

Amayi a mvano aja anati tingotentha. Ine ndinakana, chifukwa aphunzitsi ndi ana a kusekondale ayenera kuona ndi maso awo zimene ana a azungu ankawerenga pamene agogo athu ankawaphikira ndi kuwalimira maluwa m'mayadi a ku Salisbury. Ndinatiika mu kabati yokhoma, ndi kapepala kofotokoza chaka ndi chifukwa. Pashelefu ya ana sitifikapo. Ena onse ndinawadutsa tsamba ndi tsamba ndisanawamenye sitampa, ndipo ntchito imeneyi inandifikitsa madzulo, makombi atayamba kale kuchepa.

Lachisanu ndinalemba mbiri yake pa pepala lalikulu lopachika pakhoma. Ndinaikapo ukwati wake ndi Hugh Pollock mu 1924, magazini ya Sunny Stories imene ankalemba yekha kuyambira 1926, nyumba yake ya Green Hedges ku Beaconsfield, ndi matenda oiwalaiwala amene anamulanda cholembera m'zaka zake zomaliza. Za buku limene mwana wake Imogen anatulutsa mu 1989, lomufotokoza ngati mayi wouma mtima kwa ana ake enieni, sindinaike pakhoma la ana, koma aphunzitsi awiri amene anabwera kudzaona ndinawauza.

Loweruka m'mawa ndi nthawi ya nthano. Ndinasankha The Magic Faraway Tree ya 1943, ya mtengo wautali umene kunsonga kwake kumafika maiko osiyanasiyana, lina likachoka lina n'kubwera, ndipo wochedwa kutsika amapita nalo dzikolo. Ndinkawerenga ndime m'Chingerezi, n'kuifotokoza m'Chichewa, pena m'Chishona pofuna kuti aang'ono asatsalire. Ana anaimvetsa msanga kuposa Famous Five, chifukwa mtengo wokhala ndi anthu m'mphako si chinthu chachilendo kwa mwana amene anamvapo nthano za agogo ake.

Agogo ena aakazi amene anaperekeza mdzukulu anakhala kumbuyo akumvetsera. Nditatseka buku anati, "Mwanawe, imeneyo ndi nthano ndithu, koma ilibe nyimbo." Ndinawapempha kuti atiuze yawo. Anayamba ndi "Padangokhala", ndipo ana atatu okha ndi amene anadziwa kuyankha kuti "Tili tonse". Anafotokoza ya mtsikana amene anakwatiwa ndi fisi wodzisandutsa munthu, ndipo atafika panyimbo chipinda chonse chinavomera, ndi ana a Chishona omwe.

Apa m'pamene pamandiwawa. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma pashelefu yanga palibe buku la nthano la Chichewa loti mwana abwereke, amalize, abwere kudzafunsa lotsatira. Mlembi wa kuno ku Zimbabwe Charles Mungoshi anasonyeza kuti zimatheka pamene analemba nthano za ubwana wake wa Chishona mu One Day, Long Ago, buku limene linapata mphoto ya Noma ya mabuku a mu Africa mu 1992. Nthano ifenso tili nazo zambiri, chosowa ndi munthu wokhala pansi m'mawa uliwonse n'kumazilemba, mwezi ndi mwezi, monga ankachitira mayi wa ku Beaconsfield uja.

Agogowo anavomera kuti ndijambule mawu awo pafoni, ndipo anati Loweruka likubwerali adzabwera ndi anzawo awiri a ku Mufakose amene amadziwa za Kalulu ndi Njovu. Magetsi akabwera Lolemba ndiyamba kutayipa ya fisi ija, nyimbo yake ndi mavume ake omwe, ndipo ndidzaisoka ndi ulusi womwe uja ndinasokera Famous Five.