Utsi uli pamwamba pa mtambo kapena m'kati mwake?

Anzanga a m'kalasi ya sayansi ya mlengalenga, makamaka inu amene timacheza m'Chichewa podikira kombi ku Mbare, mtima wanga wakhala pansi tsopano. Nkhani ija ya utsi ndi mitambo ya m'munsi ya pa nyanja ya Atlantic yandilowa.

Za wasayansi Twomey sindibwereza, mukuzidziwa: tinthu touluka mumpweya, monga ta utsi, tikachuluka mumtambo, madzi omwewo amagawika m'timadontho tambiri, mtambo n'kuwala kwambiri. Za wasayansi Albrecht za 1989, zoti timadontho tating'ono timachedwetsa mvula yowaza, chimodzimodzi. Chimene chinkandizunguza mutu ndi utsi wa moto wa tchire wochokera ku Angola, Zambia, Congo ndi mbali zathu zino. Utsi womwewo, pepala lina la kafukufuku likuti ukuziziritsa dziko, lina likuti ukulitenthetsa.

Chinsinsi chake ndi pamene utsiwo wakhala. Harare ili pafupifupi mamita 1,500 pamwamba pa nyanja. Mitambo yoyalana ija ya kugombe la Namibia, imene imapangika pamwamba pa madzi ozizira a Benguela, kawirikawiri siifika ngakhale pamenepo. Ife tikamayenda mumsewu wa Samora Machel mu Harare muno timakhala tili pamwamba pa mitambo imeneyo! Ndiye utsi wa lupsa wa mu Ogasiti ndi Sepitembala umanyamuka pamalo okwera kale, kutentha kwa nthaka n'kuukankhira m'mwamba makilomita ena, mphepo n'kuutengera kumadzulo. Ukafika pa nyanja umapeza mitambo ili pansi pake.

Apa ndi pamene zinanditsegukira. Utsi ukakhala pamwamba pa madzi akuda opanda mtambo, umabweza kuwala kwina kumwamba, ndiye ukuziziritsa. Ukakhala pamwamba pa mtambo woyera, mwaye wa mu utsiwo umamwa kuwala kotsika, n'kumwanso kumene mtambo wabweza, ndiye ukutenthetsa. Koma za Twomey sizinayambe n'komwe, chifukwa utsi sunakhudze mtambo. Zimayamba pokhapokha utsi utatsika n'kusakanikirana ndi mpweya umene mtambo ukupangikamo. Pamwamba ndi nkhani ina, m'kati ndi nkhani ina. Ndakhala ndikubwereza zimenezi ndekha mpaka kunyumba andifunsa ngati ndili bwinobwino.

N'chifukwa chake ine ndimati palibe choposa ndege. Setilaiti imayang'ana kuchokera kumwamba, n'kuona utsi ndi mtambo pamalo amodzi, ngati munthu wosuzumira mumphika amene sangadziwe ngati ndiwo zagwira pansi. Inde, ilipo setilaiti ya lidar, chipangizo choyeza ndi kuwala kwa laser pamene utsi ndi mtambo zili m'mwamba, koma utsi ukakhala wochindikala imavutika kuona pamene wathera m'munsi. Ndege imapitamo yokha. Ndege ya P-3 ya NASA, pa kafukufuku wa utsi ndi mitambo wotchedwa ORACLES, inkanyamuka ku Walvis Bay ku Namibia mu 2016, kenako pa chilumba cha São Tomé mu 2017 ndi 2018. A ku Britain anauluka ndi ndege ya BAe-146 kuchokera pa chilumba cha Ascension mu 2017, pa kafukufuku wawo wotchedwa CLARIFY. Ndege imatsika kudutsa mu utsi, kulowa mumtambo, kutulukira pansi pake mpaka kufupi ndi madzi, zipangizo za pansi pa mapiko zikuwerenga madontho ndi kuwala kwa laser. Pena ofufuzawo ankapeza mpata wa mpweya woyera pakati pa utsi ndi mtambo, pena zitagundana, ndipo pamene zagundana madontho ankakhala ochuluka ndi aang'ono. Mundipatse ulendo umodzi wotsika chotere, ndikusiyirani mapu onse a setilaiti.

Chimene chikundiwawa ndi nthawi. Aphunzitsi athu anakhalitsa pa masamu a Köhler, a mmene timadontho ta mtambo timapangikira, mpaka teremu kutsala pang'ono kutha, nkhani ya utsi wa kuno kwathu n'kuidutsa pa chithunzi chimodzi, osatiuza n'komwe kuti tiyang'ane mbali ya chithunzicho yosonyeza kutalika kopita m'mwamba. Utsi ndi wa dera lathu lino, timaupuma chaka ndi chaka, dzuwa kufiira isanakwane nthawi yolowa, koma timauphunzira mothamanga ngati za kwa eni. Zotsatira za ORACLES n'zaulere pa intaneti, koma mafayilo ake ndi aakulu. Magetsi akathima pakati, bandulo yapita, uyambirenso.

Pali pamodzi pamene sindinakhazikike. Ndege ikapeza mpata lero, sizikutanthauza kuti mtambowo ndi woyera, chifukwa utsi ukhoza kuti unalowa m'munsimo masiku apitawo, kutali ndi pamene ndege ikuyeza. Komanso mvula yowaza imatsuka mpweya. Ndiye ukapeza mpweya woyera, madontho ochepa ndi mvula yowaza pamodzi, chinayamba n'chiti: mpweya woyera ndi umene unabweretsa mvula, kapena mvula ndi imene inayeretsa mpweya? Ndege imadutsa pamalopo mphindi zochepa chabe. Mwina kutsatira mpweya womwewo mawa lake kungathandize, koma ngati n'kokwanira kulekanitsa ziwirizi, ndikukayikabe.