Zilonda za m'matumbo zosawawa, mmene ndinayendera mpaka kudziwa kuti ndi celiac

Abale ngati magazi akumangochepa mthupi chonsecho mapilisi a ayironi mukumwa, werengani apa. Ine m'mimba simunkawawa olo pang'ono, zinali kutopa basi, chizungulire, kupalasa njinga kupita pa Kasungu boma mtima kumangoti gugugu.

Kuchipatala kwathu anayamba ndi zomwe tonse timaganizira, malungo, njoka za m'mimba, likodzo, HIV, zonse osapezeka. Atayeza chimbudzi mpomwe anaona magazi osaoneka ndi maso, nkundilembera kalata ya ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Adokotala kumeneko funso loyamba linali loti kodi mumamwa Brufen kapena diclofenac, chifukwa mankhwala amenewa amachekanso matumbo mwakachetechete. Kenako anandiuza za celiac, matenda oti thupi limadana ndi gluten wa mu tirigu, barley ndi rye, nkumawononga timphonje ta m'matumbo aang'ono tomwe timayamwa chakudya, ndiye ayironi amangodutsa.

Apa mumvetsetse chonde. Musasiye buledi ndi mandasi musanayezedwe! Mukasiya matumbo amayamba kupola, magazi nkuoneka bwinobwino matenda alipo. Ine anandiuza ndizidyabe mpaka atayeza magazi a tTG-IgA (ofufuzira celiac) ndi endoscopy yomwe (kuona m'matumbo ndi kamera).

Tsiku la endoscopy umapita osadya kuyambira usiku, amakupopera mankhwala pakhosi nkulowetsa kachubu ka kamera kudzera mkamwa, sizokoma ayi koma sizitenga nthawi. Anaona tizilonda koyambirira kwa matumbo aang'ono ndipo anatapako timinofu kukayeza. Kudikira zotsatira ndiye kunandisowetsa tulo.

Zitatuluka inali celiac. Adokotala sanabise kuti zilonda pa celiac sizichitikachitika, ndiye ndizipitabe kukaonedwa, zikakana kupola pamafunika kufufuza mozama chifukwa nthawi zina kumbuyo kwake kumakhala khansa ya m'matumbo.

Chomwe chinandilimbitsa mtima, nsima ilibe gluten. Chinangwa, mbatata, mpunga, mapira, mawere, mtedza wathuwu, zonse ndikudya. Zovuta ndi masikono, samusa, mowa wa m'mabotolo, komanso chigumu ndi zitumbuwa za pamsika poti ena amasakaniza fulawa, ndiye ndimafunsa kaye amayi ogulitsawo, olo mafuta okazingira mandasi ndimawapewa. Za mkate wa mgonero ndinakambirana ndi abusa. Ana anganso adokotala akuti akayezedwe poti matendawa amayenda m'banja.