Sabata yomwe ndinalondola mapazi a amayi khansala

Lolemba m'mawa akonzi anandiponyera kapepala patebulo. Amayi ena amene ndi khansala kuno ku Chipata alengeza kuti pa masankho a pa 13 Ogasiti 2026 akufuna mpando wa uphungu, ndiye ndikonze pulogalamu ya mphindi 30 yofotokoza kumene achokera. "Koma usatibweretsere nyimbo yotamanda munthu," anatero akonziwo. "Akafuna kutamandidwa agule nthawi ya pa wailesi ngati anzawo."

Tsikulo linathera pa foni. Amayiwo anali kumaliro, kenako kumaliro ena.

Tinakumana Lachiwiri pakhonde pawo. Ndinkayembekeza kuti ayamba ndi milatho ndi zitsime monga achitira andale onse, koma analowa m'nyumba n'kutuluka ndi envulopu yakhaki yokutidwa m'pulasitiki. M'katimo munali setifiketi ya Giredi 12. Sukulu anaisiyira Giredi 9 bambo awo atamwalira, ndipo anatha zaka zambiri akugulitsa nsawawa ndi nyemba pa msika wa Kapata. Anzawo anawasankha kusunga ndalama za chilimba, kenako za komiti ya pamsika, dzina n'kuyamba kumveka. Ndiye mu 2016 malamulo a dziko anasintha: wofuna ukhansala kapena uphungu ayenera kukhala ndi Giredi 12. Amayiwa anali atalembetsa kale mayeso a GCE, a Giredi 12 amene munthu amalemba ali kunja kwa sukulu, akuwerenga usiku ndi mwana wawo wamwamuna, mayi ndi mwana buku limodzi. Masamu anawagwetsa, anabwereza. "Mwanawe," anandiuza akuseka, "ine ndalama ndimawerenga osaphonya ngwee, koma atangoikamo x ndi y mutu unaima."

Anapambana ukhansala chaka chomwecho, napambananso mu 2021. Zonsezi ndinazijambula bwino. Chimene sanafune kukhalitsapo ndi nkhani ya tikiti ya chipani. Ofuna mpandowo m'chipani chawo ndi angapo, ena ndi amuna a magalimoto awo, ndipo ndinaona nkhope ikusintha nditafunsa ngati adzaime paokha akawakana. Anayankha za mvula.

Lachitatu ndi limene linandipatsa pulogalamu. Ndinakwera njinga yamoto kupita kumidzi ya kumalire a wadi yawo, msewu uli matope okhaokha, chimanga chitaimirira mbali zonse. Ndinayamba ndalonjera anyakwawa, chifukwa kulowa m'mudzi ndi chojambulira mawu osagwada kaye ndi kudzitsekera pakamwa pa anthu. Iwo anandiperekeza pa mjigo umene amayi khansala anandiuza kuti "ndinakumba".

Mjigowo ulipo ndithu, madzi akutuluka. Koma mlembi wa komiti ya chitukuko ya m'wadi, imene anthu amangoti WDC, anandionetsa kope la misonkhano. Pempho linachokera kwa amayi a m'mudzimo, WDC inalilemba, linapita ku komiti ya CDF, thumba la ndalama za boma za chitukuko cha dera la phungu, ndalama n'kutuluka kumeneko. Chiyambire 2022, pamene boma linakweza CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, chilichonse chomangidwa chili ndi eni ake atatu: phungu akuti ndi changa, khansala akuti ndi changa, a chipani akuti ndi chathu. Ife a wailesi tikapanda kusamala timangokhala ng'oma ya amene wafika msanga pa maikolofoni. Komabe mlembiyo anawonjezera mawu amene sindikanawataya: pepalalo likanagona m'kabati, amayiwo ndiwo ankalilondola ku khonsolo sabata ndi sabata mpaka akalaliki anatopa nawo.

Pamjigopo panali agogo ena akutsuka ndowa. Nditawafunsa za mjigo sanasamale n'komwe. Iwo anakamba za usiku umene mpongozi wawo anadwala pakati, amayi khansala n'kupeza galimoto yomutengera kuchipatala. Za bokosi la maliro a amuna awo. Za thumba la ufa pa chaka cha chilala cha 2024. Palibe ngakhale chimodzi mwa izi cholembedwa pa ntchito za khansala, koma ndi zimene anthu amawerenga. Ndinafunsa ngati adzawavotere pa uphungu. Agogowo anaika ndowa pansi.

"Mdzukulu wanga, pano ndikafuna kuwaona ndimatuma mwana pa njinga. Ku Lusaka ndidzatuma ndani?"

Ndinakhala chete, chojambulira chikuyenda. Ndaona aphungu angapo akuchoka pa Great East Road ulendo wa ku Manda Hill, kunyumba ya malamulo ku Lusaka, makilomita oposa 500, n'kusintha nambala ya foni chaka chisanathe. Agogowo sankadana ndi amayi khansala. Ankawakonda kwambiri moti sankafuna kuwapereka.

Lachinayi ndinakhala mu situdiyo kudula mawu. Magetsi anazima kawiri, ulendo wachiwiri ndisanasunge ntchito ya ola lathunthu, ndipo mawu amene ndinalankhula pamenepo si a pa wailesi. Madzulo ndinaimbiranso amayi khansala kuti ayankhepo pa za mjigo, chifukwa sindiulutsa mawu okhudza munthu iye asanapatsidwe mpata. Anapsa mtima pang'ono. Kenako anati, "Chabwino, sindinakumbe ndi manja. Koma lembani kuti nsapato zinatha." Ndinawafunsanso zimene akaphungu amachita zosiyana ndi khansala. Anatchula kupanga malamulo ndi kuvomereza bajeti, koma mofulumira, ngati mwana wolakatula ndakatulo, n'kubwerera ku misewu ya m'makomboni ndi ngalande. Apa m'pamene ndikuwakayikira, ndipo ndinasiya yankholo mmene linalili kuti omvera adzimvere okha.

Akonzi ankafuna ndichotse mawu a agogo aja, ati akumveka ngati tikugwetsa munthu. Tinakangana mpaka tiyi anazizira. Anatsala.

Pulogalamu inapita Lachisanu usiku, ndipo titatsegula mafoni palibe anafunsa za CDF. Bambo wina wa ku Mchini anati mkazi wa pamsika sangalankhule Chingerezi cha ku nyumba ya malamulo. Amayi atatu otsatizana anamuyankha mokwanira moti ine sindinawonjezerepo. Mnyamata wina woyendetsa njinga anangofunsa kumene amalembetsera GCE, ndi ndalama zake.

Loweruka m'mawa ndikuchapa, foni inalira. Anali amayi khansala. Ndinapukuta manja ndikukonzekera kukalipiridwa. Za mjigo sanazitchule. Ankafuna kudziwa mudzi wa agogo aja, ndipo nditakana kuwauza dzina anati palibe kanthu, mawuwo awazindikira kale, akwera njinga yamoto masana.