Za chidebe chija, ndifotokoze ndekha

Inu amene mukufalitsa zoti alonda anandigwira ndikusuzumira pawindo la aphunzitsi usiku, takhalani pansi. Sindinkasuzumira. Ndipo chidebecho sichinali changa, ndinachipeza pomwepo.

Asayinimenti inkatseka 23:59 pa Moodle, tsamba la pa intaneti lomwe timatumizirapo ntchito za kusukulu, ndipo Moodle sungainamize kuti kumudzi kunagwa maliro. Bandulo inali itatha, ndalama ya ngongole ya sukulu isanalowe. Laibulale anali atatseka, pakhonde paja pamene netiweki imakokako anthu ali thithithi, ena akutsitsa mafilimu, ena akuonera zigoli za Arsenal mobwerezabwereza. Kamakina kamodzi ka WiFi kamatumikira anthu mosinthanasinthana, ndiye mukachuluka aliyense amangolawa.

Ine ndinachita zimene munthu wophunzira amachita. M'kanjira ka maofesi aphunzitsi muli kamakina kena komwe usiku kamangokhala. WiFi ya 5 GHz imathamanga koma imafera pakhoma la njerwa, ya 2.4 GHz ndiyo imayesetsa kutuluka panja. Kuseri kwa nyumbayo kuli kawindo kam'mwamba. Nditaima pansi, kamzere kamodzi. Nditazondotsa chidebe, n'kukwerapo, n'kukweza laputopu pamwamba pa mutu, timizere titatu. Imeneyi ndi sayansi, anzanga, ndipo ena mwa inu mukusekanu munalakwa phunziro lomweli.

Fayilo inayamba kuyenda. Ili pa 81 peresenti, tochi inandiwala kumaso.

"Ndani ameneyo?"

"Ndine mwana wasukulu, bambo."

"Tsikani."

"Sindingatsike bambo, ili pa 81."

"81 chiyani?"

Tsono taganizani zimene madalawo ankaona. Pakati pa usiku, kuseri kwa nyumba, mnyamata wopanda nsapato, chifukwa masilipasi ankaterera pachidebe. Manja onse m'mwamba. Nkhope ikuwala mobiriwira. Khosi chagada, maso ali kumwamba, pakamwa pakungotuluka mawu akuti "tiye, tiye, tiye, usaime." Miyendo ikunjenjemera. Udzudzu utatera pamphuno, ine osauthamangitsa, kumangouuzira mpweya ndi mlomo wam'munsi. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, nkundifunsa ndi ulemu wonse: "Achimwene, kodi mukutamba?"

Ndisanayankhe, wenzulo inalira.

Anabwera alonda ena, mmodzi ndi chibonga. Ku hositelo wina anakuwa "Wakuba!" ndipo munthu aliyense amene anali ndi mayeso mawa lake anapeza chifukwa chosiyira kuwerenga. Pano ndi pamene munandipweteka. Eduroam, WiFi ya m'mayunivesite ija, ukalowetsa dzina ndi pasiwedi kamodzi, foni imalumikiza yokha paliponse yaipeza, ngakhale ku yunivesite ya ku Cape Town. Ndiye gulu lonse lija litangofika pansi pa windo langa, mafoni onse analowa pa kamakina kanga. Fayilo inaima pa 94. Inaima ngati minibasi yodikira munthu mmodzi kuti idzaze.

Amene mukuti ndinalira, bodza. Ndinangokweza mawu kuti, "Zimitsani WiFi, chonde, zimitsani!" Kuti mawuwo anatuluka mopyapyala, n'chifukwa cha khosi lomwe linali litapindika nthawi yaitali.

Kenako chidebe chinati phwa! Mwendo wakumanja unalowa mpaka m'bondo. Koma onani vidiyo yanuyo bwinobwino: laputopu sinatsike ngakhale pang'ono. Manja anakhalabe m'mwamba. Zimenezo simukuzitchula.

Mlonda woyamba uja, wamtali ngati mmene mukumudziwira, ndiye anamva chisoni. Anapatsira mnzake tochi, nkulandira laputopu, nkuikweza pafupi ndi windo.

"Apa?"

"Kumanzere pang'ono, bambo."

"Apa?"

"Pomwepo, musapume."

Anaima chilili, chipewa chitapendekeka, akuwerengera gulu manambala mokweza: "96... 97... yabwerera... ayi, 98." Wachibonga uja anayamba kuthamangitsa anthu kuti apite kutali ndi mafoni awo. Inalowa 23:57, anthu nkuwomba m'manja, ine mwendo udakali m'chidebe.

Vidiyo yanuyo, ya mphindi zinayi zathunthu, inafika pa WhatsApp ndisanafike n'kuchipinda komwe, pa WiFi yomweyo. Fayilo yanga inali masamba asanu ndi limodzi okha. Wina andifotokozere.

Chidebe chinali cha amayi okolopa m'maofesi. Akuti akufuna chofanana nacho, chofiira, cha malita 20, chokhala ndi chivundikiro, ngakhale chijachi chivundikiro chinalibe. Ndawauza kuti adikire ya ngongole ilowe.