Kasefa ka siponji kumbuyo kwa makina a okosijeni

Kuno ku Kasungu, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi ndi utsi wa moto wam'tchire zimalowa paliponse, ngakhale mu wodi ya ana. Makina a okosijeni aja timati concentrator amameza zonsezi usana ndi usiku.

Makinawa sasunga mpweya ngati silinda. Amakoka mpweya wa m'chipinda momwemo, umene uli ndi okosijeni 21 peresenti yokha, ndipo kompuresa imaukankhira m'mitsuko iwiri yodzaza timikanda totchedwa zeolite. Timikandati timagwira nayitirojeni, okosijeni n'kudutsa. Mtsuko wina ukamasefa, unzake umataya nayitirojeni ija, ndiye kaphokoso kofwentha kamene mumamva pakapita masekondi angapo.

Mdani wa timikandati ndi chinyezi. Tikangonyowa sitibwereranso, mpaka kusintha mitsuko yonse. Apa ndiye pamene ambiri amalakwitsa ali ndi mtima wabwino: amachapa kasefa ka siponji ka kumbuyo kaja, kamene kamagwira fumbi, n'kukabwezera kasanaume. Kachapeni sabata iliyonse, kawiri ngati ndi nyengo ya fumbi, m'madzi ofunda ndi sopo pang'ono. Tsukuluzani, yanikani pamthunzi mpaka kaume gwa. Khalani ndi tiwiri, kena kazilowa pamene kanzake kali poyanika. Kasefa kakatsekeka, kompuresa imatentha n'kuzima yokha, kapena kupseratu.

Makina atalikirane ndi khoma komanso makatani ndi masentimita 30. Amene akungokhala mu sitolo muziwayatsa theka la ola sabata iliyonse, makamaka m'dzinja. Ndipo chonde asamalumikizidwe kumagetsi popanda chipangizo chotetezera ku magetsi amphamvu, chifukwa magetsi akabwera mwamphamvu atathima, ndi bolodi ya zamagetsi ya m'kati mwa makina imene imayamba kupsa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kampira ka mu flowmeter, kachipangizo koonetsa kuchuluka kwa mpweya umene ukutuluka. Kakayima pa 2, ndiye kuti malita awiri akutuluka pa mphindi, basi. Sikanena kuti mpweyawo ndi wotani. Makina otopa amatha kuuzira mwana mpweya wosasiyana kwenikweni ndi wa pabwalo kampirako kali pamalo pake. Abwino amapereka 90 peresenti kapena kuposerapo, ndipo ambiri amayatsa nyale yachikasu akatsika pansi pa 82. Nyale imeneyo musaimate pulasitala, itanani amisiri adzayeze ndi analyser, chipangizo choyezera okosijeni mu mpweya wa makina.

Mukayatsa makina, dikirani mphindi zisanu kuti mpweya ukhwime. Mwana mukamuika timapaipi tam'mphuno, muyezeni ndi pulse oximeter, kachipangizo koyezera okosijeni m'magazi. Ngati okosijeni wa m'magazi mwake sakufika 90 peresenti, onani ngati paipi yapindika, ngati botolo la madzi lonyowetsa mpweya likutaya mpweya pa chivundikiro, komanso ngati mamina atseka mphuno. Zonsezi zikakhala bwino koma sakufikabe 90, muikeni pa silinda, adokotala amuonenso msanga.