Kudikira Hostile Waters ndi The Black Madonna

Kampani ya Free League ya ku Stockholm, m'dziko la Sweden, yakhala ikutulutsa mabuku owonjezera a masewero ake a patebulo otchedwa Twilight: 2000, ndipo awiri amene ndaitanitsa, omwe ndikuwadikira mwachidwi, ndi Hostile Waters ndi The Black Madonna. Loyambalo likunena za maulendo a pamadzi, mabwato ndi nkhondo za m'mitsinje ndi panyanja, pamene linalo ndi nkhani yaitali yochitikira kummwera kwa dziko la Poland, yokhudza chithunzi chopatulika cha Maria cha ku Częstochowa. Chidwi changacho chasakanikirana ndi nkhawa imene ndimakhala nayo nthawi iliyonse pamene masewero a dziko lowonongeka alandira buku latsopano. Kukoma kwa masewero amenewa kwagona pa kusowa kwa zinthu, chikhalirecho buku lowonjezera limabwera kudzachulukitsa zinthu, ndipo si olemba onse amene amazindikira kuti ziwirizi zimalimbana.

Twilight: 2000 inatuluka koyamba mu 1984 kuchokera ku kampani ya Game Designers' Workshop ya ku America, nthawi imene mantha a nkhondo ya zida za nyukiliya anali pamtima pa anthu ambiri. Free League inatulutsa mtundu wachinayi wa masewerowa mu 2021. Nkhani yake imasintha mbiri imene tikuidziwa: akuluakulu amene anafuna kulanda boma ku Moscow mu Ogasiti 1991 apambana, Soviet Union siigwa, ndipo patapita zaka zochepa nkhondo yachitatu ya padziko lonse ibuka. Pofika chaka cha 2000, magulu a asilikali amwazikana pafupi ndi mzinda wa Kalisz ku Poland, palibenso wolamula, ndipo osewera amakhala asilikali kapena anthu wamba amene atsala okha m'dziko lopanda magetsi, mafuta ndi boma. Mmodzi patebulopo amatsogolera nkhani ndi kulankhulira anthu onse okumana nawo panjira, ena aja amasankha zochita, ndipo madayisi ndiwo amagamula zotsatira zake.

Amene sanasewerepo sangadziwe kuti kusowa kumene ndikunenaku kunalukidwa m'malamulo enieni a masewerowa. Wosewera akafuna kuombera zipolopolo zambiri nthawi imodzi amaonjezera madayisi a zipolopolo, ndipo manambala amene atuluka amaphatikizidwa n'kuchotsedwa pa zimene ali nazo, kotero kuti mphindi imodzi ya mantha ingathe kumudyera zipolopolo zimene anazisunga kuyambira pachiyambi pa ulendo. Akalephera chinthu amaloledwa kuponyanso madayisi, koma dayisi ikagwera pa nambala wani thupi limavulala, maganizo amasokonekera kapena mfuti imayamba kufooka. Pagulu lathu pali mnzathu wina amene pepala lake linabooka pamalo olembapo zipolopolo chifukwa cha kufufutafufuta, ndipo ndi yemweyo amene amayamba kufunsa ngati palibe njira yolambalala mudzi m'malo molimbana ndi eni ake. Mafuta a galimoto nawo ndi osowa. Osewera amatcheza okha mafuta kuchokera ku mbewu kapena mitengo, monga mmene amayi amatchezera kachasu, ndipo ntchitoyo imadya nthawi imene akanayendera ulendo pa mapu amene gawo lililonse ndi makilomita 10. Ndaonapo anthu akuluakulu akukangana kwa nthawi yaitali pa funso lakuti tirigu amene apeza m'nkhokwe yosiyidwa adye kapena atcheze mafuta, ndipo mkangano woterowo ndi umene umandibwezeretsa patebulo sabata ndi sabata.

Tsono buku lowonjezera likafika, masamba amene osewera amathamangira ndi a mndandanda wa zida. Amaona mfuti yatsopano, galimoto yolimba, luso limene munthu wawo angaphunzire, ndipo mosazindikira amayamba kuona dziko lowonongeka lija ngati malo opezako katundu. Wotsogolera nkhani naye amakopeka, pakuti walipira ndalama zambiri pa bokosi limene bukulo limabweramo, kuphatikizapo mtengo wotumizira umene nthawi zina umayandikira mtengo wa bokosi lenilenilo, ndipo amafuna kuti zonse zimene zili m'katimo zioneke patebulo. Mapeto ake gulu limene linkawerenga chipolopolo chimodzichimodzi limapezeka lili ndi zida zokwanira gulu lankhondo lathunthu, ndipo mafunso ovuta aja amatha okha.

Masewero ena a kampani yomweyo, Mutant: Year Zero, amene anatuluka mu 2014 ndipo mizu yake ili pa masewero a ku Sweden a 1984 otchedwa Mutant, amaonetsa mbali zonse ziwiri za nkhaniyi. M'buku loyamba osewera ndi anthu osandulika matupi okhala pamalo otchedwa Ark, anthu amene sabereka, sadziwa kumene anachokera, ndipo mkulu amene anawalera ali pafupi kufa. Ndalama yawo ndi zipolopolo, kutanthauza kuti woombera mfuti akuombera chuma chake. Chimene ndimachikonda koposa ndi chakuti osewera amasankha limodzi ntchito zotukula mudzi wawo, kaya kulima, kumanga linga kapena kuyambitsa sukulu, ndipo ntchito iliyonse imakweza chakudya, chitetezo, luso kapena chikhalidwe, kwinaku ikudzutsa mikangano pakati pa mabwana a pamudzipo. Timabuku tating'ono ta Zone Compendium tinachita bwino kwambiri chifukwa tinkangopereka malo ndi anthu okhala ndi zofuna zawo, zimene wotsogolera angaziike paliponse pa mapu, kaya akusewera m'mabwinja a London kapena a New York. Mabuku akuluakulu a Genlab Alpha, Mechatron ndi Elysium, onena za nyama zoganiza, maloboti ndi anthu amene anabisala pansi pa nthaka, ndi masewero okoma paokha, koma buku lililonse linayankha mbali ina ya funso limene linkachititsa mantha m'buku loyamba, funso lakuti kunja kwa mudzi kuli chiyani. Nditawawerenga onse, dzikolo linakula pa mapu koma linachepa m'maganizo mwanga, ndipo mpaka lero sindilola osewera atsopano kuwatsegula asanamalize nkhani yoyamba.

Chimene chikundipatsa chikhulupiriro pa mabuku amene ndikudikirawa ndi Urban Operations, bokosi lowonjezera la Twilight: 2000 limene linatsogola. Linabweretsa malamulo a nkhondo za m'nyumba ndi m'misewu yopanikizana, koma phindu lake lenileni linali mzinda wa Kraków, umene unafotokozedwa ndi magulu ake olimbirana mphamvu. Mumzinda muli chakudya ndi mankhwala kuposa kutchire, komabe chilichonse chili ndi mwini wake, ndipo woti apeze kanthu ayenera kugwirira ntchito munthu amene sakumukhulupirira. Kusowa sikunathe, kunangosintha nkhope, ndipo zimenezi ndi zimene ndikufuna kuti buku lowonjezera lizichita.

Pa Hostile Waters ndili ndi mafunso enieni amene ndidzayang'ane tsiku limene bokosi lidzafike. Bwato lingathe kufewetsa masewero mopitirira muyezo, chifukwa lili ndi malo ogona, limanyamula katundu wambiri, ndipo madzi ndi nsomba zili pomwepo. Koma mtsinje uli ndi nkhanza zake zimene msewu ulibe. Wokwera galimoto akaona zoopsa angathe kukhota n'kulowa m'nkhalango, pamene wa pa bwato pa mtsinje wa Vistula, umene umadutsa ku Kraków ndi ku Warsaw usanakathire m'nyanja ya Baltic pafupi ndi Gdańsk, alibe kothawira, ndipo aliyense amene wakhala pa mlatho wogumuka ndi mfuti imodzi yaikulu angathe kulipiritsa msonkho aliyense wodutsa. Olemba a mtundu woyamba ankadziwa zimenezi pamene anatulutsa buku la Pirates of the Vistula mu 1985. Ngati bokosi latsopanoli lapereka masamba ambiri ku madoko, kwa asodzi, kwa olondera milatho ndi ku mavuto okonza injini yopanda zipangizo zosinthira, ndidzakhutira. Ngati masamba ambiri apita ku sitima zankhondo zokhala ndi mizinga, mbali imeneyo idzakhala pa shelefu.

The Black Madonna ikundikopa pa chifukwa china. Nkhani yake, imene inalembedwa koyamba mu 1985, imaika pakati chinthu chimene munthu sangadye kapena kuombera nacho. Chithunzi cha Maria chija, cha ku nyumba ya amonke ya Jasna Góra ku Częstochowa, chili ndi malo aakulu m'mitima ya anthu a ku Poland, makamaka kuyambira mu 1655 pamene nyumbayo inapirira asilikali a ku Sweden amene anaizinga, ndipo zimandiseketsa pang'ono kuti lero ndi kampani ya ku Sweden imene yalembanso nkhaniyi. M'dziko limene boma lagwa, amene ali ndi chithunzicho angathe kunena kuti ndiye woyenera kulamulira, kotero osewera amakakamizika kuganizira za chimene chimasonkhanitsa anthu pamene mimba zakhuta pang'ono. Nkhawa yanga pano ndi ya kalembedwe. Twilight: 2000 imayenda bwino pamene osewera akuloza okha pa mapu kumene akufuna kupita ndipo makadi a zokumana nazo akutulutsa zosayembekezereka, pamene nkhani yaitali yolembedwa kale imakonda kukokera anthu pa njira imodzi. Ndikufuna kuona ngati magulu ofunafuna chithunzicho alembedwa moti angapitirize zolinga zawo ngakhale osewera atasankha kusalowererapo.

Pakali pano gulu lathu lili kummwera kwa Kalisz ndi galimoto imodzi yotayikira mafuta, ndipo ndayamba kale kufalitsa mphekesera za anthu ogulitsa mchere pa mtsinje kuti ulendo uzilowera cha kum'mawa. Bwato limene adzalipeze lidzakhala lopanda injini yogwira ntchito, ndipo mwini wake adzafuna mankhwala a mwana wake asanalankhule za mtengo. Mndandanda wa zida zatsopano ndidzauwerenga ndekha, ndipo pa zonsezo ndidzalola chimodzi kapena ziwiri zokha kufika patebulo, m'manja mwa adani awo.